Wodya Ndiwo Zokha ku Misasa

Edwell anafika pa msonkhano wa misasa atanyamula tenti yobiriwira, kachitofu ka gasi, chiwaya, thireyi ya mazira, ndi nkhani imodzi yomwe sanafune kuti mlongo wake aimve.

Zaka zoposa makumi atatu anakhala ku Mangalande, akuyendetsa mabasi mumzinda wamvula wa Leeds. Zaka zonsezo, akaima pa maloboti n'kutsinzina pang'ono, ankaona malo ano: tchire la kuseri kwa komboni ya George, misasa ya udzu wongomweta kumene itandanda mizeremizere, utsi wa nkhuni, ndi nyimbo za anthu a Sabata zikukwera kuchokera pansi pa mkuyu waukulu. Mkuyuwo anapeza unadulidwa kalekale. Tchire linasanduka mapuloti, mipanda ya njerwa za simenti uku ndi uku, ndipo bwalo lotsala linkaoneka ngati pogulitsira mchenga. Misasa inali ya masaka a feteleza ndi mapepala akuda a pulasitiki, amene mphepo ya mu Ogasiti inkawakupiza ngati mbendera za chipani. Anthu ambiri sankagonanso pomwepo. Ankabwera m'mawa pa minibasi, chakudya chili m'makontena, ndipo nyimbo yotsekera isanathe ankayamba kale kusuzumira kumsewu.

Otsala kugona anali okalamba ndi amakani. Salome, mlongo wake wamkulu, anali zonse ziwiri.

Nyumba ya makolo awo ku George inali m'manja mwa Salomeyo. Edwell sanabwere ku Zambia kudzacheza. Ukwati wake unatha, ana ake anali Angerezi okhala ndi dzina la ku Ntcheu, ndipo iye ankagona pa loji ina ku Matero, pomwe wailesi ya ku bala inkamuimbira mpaka mutu kuwawa. Anapempha chipinda chimodzi m'nyumba yomwe anabadwiramo. Salome sanavomere, sanakanenso. Anamuuza pa foni kuti abwere kumisasa, akhale ndi anthu sabata yonse, amuone kaye chimene anasanduka, ndipo yankho adzalimva popasula misasa. Asanadule foniyo anawonjezera mawu amene Edwell anagona nawo ndi kudzuka nawo.

"Ndinadwazika bambo, ndinadwazika mayi, ndinadwazika mwamuna wanga. Nyumba yanga si chipatala, Edi. Ngati wabwera kudzafuna wokutembenuza pa mphasa, unene."

Edwell anaseka, nati ali bwinobwino ngati ng'ombe ya pa ngolo.

Linali bodza losakwanira. Bambo awo, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, anamwalira ndi matenda a shuga, mwendo umodzi atawadula. Wowasambitsa ndi kuwataira chitini anali Salome. Edwell ankatumiza ndalama ndi makadi okhala ndi maluwa. Matenda omwewo anamupeza iyenso ku Leeds. Dokotala wa kumeneko anamuuza kuti asiye nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa ndi zotsekemera zonse, azidya masamba, mazira, nsomba, nyama ndi mtedza. Kunena mwachidule, anamuuza kuti asiye chakudya azidya ndiwo. Edwell anamvera, mimba inaphwa, mapiritsi anawasiya, ndipo kamakina koyezera magazi kanayamba kumuuza zabwino. Kamakinako anakabisa m'sokosi, pansi pa chikwama. Anaganiza kuti sabata imodzi angathe kuidutsa osadya zoletsedwa komanso osaulula, chipinda n'kuchipeza.

Tenti anaimika pafupi ndi msasa wa Salome, poti munthu angamve fungo la mphika wa mnzake koma osamva zonong'ona. M'mawa, anthu akusenda mbatata ndi kupungula phala, iye ankaswa mazira m'chiwaya, kuwazamo kabichi ndi matimati, n'kudya choimirira. Kachitofu kake kankalira ngati mphiri. Amayi odutsa ndi ndowa ankachepetsa liwiro, kuyang'ana m'chiwayamo, kenako kuyang'anana.

Masana a tsiku loyamba Salome anatumiza mbale. Anabwera nayo Towela, mwana wake wamkazi, mayi wa ana atatu wogulitsa kaunjika, amene kuno amati salaula. Munali mitanda iwiri ya nsima, repu ndi kapenta wokazinga ndi anyezi. Edwell anakhala pakhomo pa tenti n'kudya repu ndi kapenta yense mpaka kunyambita chala. Dzanja la Salome linali lomwe lija la mayi awo, mchere wopitirira pang'ono, anyezi wopserera m'mbali. Nsima anaivundikira bwinobwino n'kudikira Towela. Mumtima mwake anadziona waulemu: sanataye chakudya, sanachigwire ndi m'manja, wina adya. Munthu anawerenga mabuku a miyambo ya mitundu yambiri m'nyumba yowerengera ya ku Leeds, mwambo wa kwawo n'kuuiwala.

Towela anavundukula mbale, n'kuima.

"Ba malume, nsima simunaigwire."

"Ndakhuta, mwanawe. Ana adya."

"Bana bali na yao," anatero Towela. "Mufuna nikapereke chabe so?"

Edwell anati apereke, ndipo athokoze kwambiri. Towela anapita atanyamula mbaleyo ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati muli uthenga wa maliro.

Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi. Salome anangoyamba kumupatsa moni wa mlendo, atapinda bondo pang'ono, kufunsa ngati abambo adzuka bwino ndiponso ngati mphepo sinawavute. Edwell, amene mlongoyu anamubereka kumsana ndi kumupukuta mamina, anayankha moniwo ngati mlendo.

Lachitatu anaitanidwa kukadya ndi amuna. Anamuitana ndi Chabwera, mnzake wa ku pulayimale, amene tsopano anali dikoni wa mimba yaikulu ndi makiyi ambiri m'lamba. Anakhala pansi pa lona, amuna asanu, beseni la nsima pakati, pambali pake mbale imodzi ya nkhuku yothira matimati ndi ina ya nyemba. Posamba m'manja Edwell anamva mtima kumasuka. Izi ndiye zimene ankalota. Anayamba kukumbutsana za mpira wa mapepala umene ankamenya pa bwalo la sukulu, za galimoto ya kanema yomwe inkabwera kudzaonetsa pa khoma la holo, za mphunzitsi wina amene ankamenya ana ndi paipi ya madzi kwinaku akuimba nyimbo ya Mulungu. Edwell ankakumbukira zonse, mayina a agalu omwe. Anzakewo anali ataiwala zambiri, chifukwa munthu wokhala pamalo sasunga malowo m'mutu, amangowaponda. Iye ankalankhula, iwo ankaseka, dzanja lake likupita ku mbale ya nkhuku n'kubwerera, kupita n'kubwerera.

Wodya ndi nsima amangokhudza ndiwo. Mbamu ndiyo imayenda ulendo, ndiwo zimangoiperekeza pa mmero. Ndi chifukwa chake nkhuku imodzi imakwanira amuna asanu, ndipo komboni yonse yakhala ndi moyo mpaka lero chifukwa cha masamu amenewa. Edwell anazindikira kuti wayamba kuseka yekha. Atayang'ana pansi, m'mbale munatsala msuzi ndi khosi. Beseni la nsima linali likadali phiri.

Mkulu wina wa mano ochepa anatola khosilo, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Ba Leeds," anatero, "kwanu uko nkhuku zimamera m'munda ngati bonongwe?"

Onse anaseka. Wina anati mayi ake a Edwell akanakhala moyo, mthiko ukanatera pa dzanja limenelo. Wina anapempha kuti nyemba azisunthire kutali mlendo asanazione. Anamaliza nsima yawo akusunsa mu msuzi, akusekabe, koma kuseka kwake kunali ndi minga.

Chabwera anamutengera kuseri kwa mpanda ngati akukamuonetsa pomwe akufuna kumanga tchalitchi chatsopano. Kumeneko anamuuza zimene zinkayenda m'misasa. Ena ankati Edwell ndi wonyada, nsima imamudetsa m'manja. Ena, poona kuonda kwake, ankati ali ndi matenda aja osatchulidwa. Koma ambiri ankati alipo mneneri amene anamuchenjeza kuti asadye nsima ya mlongo wake, chifukwa mlongoyo akufuna nyumba ikhale yake yekha. Nkhani yachitatuyi ndi imene inafika kwa Salome, ndipo chiimvereni sanaimbe nawo m'kwaya ya amayi.

"Mwana," anatero Chabwera, "munthu akabweza nsima, wabweza dzanja lamene linaphika. Na ivi waiwala?"

Edwell anatsala pang'ono kuulula. Koma mkazi wa Chabwera ankagona msasa umodzi ndi Salome, ndipo Chabwera sanasungepo chinsinsi chiyambire sitandade wani. Anangoti akonza.

Anaganiza masiku awiri, ndipo nzeru imene anaipeza inamukondweretsa kwambiri, monga zimachitira nzeru zolakwika. Panali chaka china ali mwana pamene unga unasowa m'masitolo, bambo awonso atawaimitsa ntchito. Madzulo mayi awo ankaphika mphika waukulu wa masamba otendera, n'kugawira aliyense m'mbale yake ndi supuni. Ankadyera panja. Bambo ankakhala mowongoka, kumanga kansalu m'khosi, n'kulengeza kuti lero banja lonse lidya ngati azungu, ndipo ankaitana mayi kuti weta, ngati ali mu hotela. Edwell ankaseka mpaka kutsamwa. Pa zonse zimene anapita nazo ku Mangalande, madzulo amenewo ndi amene sanachite dzimbiri. Anaganiza kuti akaphika chakudya chomwecho n'kukapereka yekha kwa Salome, mlongoyo adzaona kuti kudya ndiwo zokha si kunyoza, ndi za pakhomo pawo pomwe.

Lachisanu, tsiku lokonzekera Sabata, anakwera minibasi kupita kumsika wa Lilanda. Anagula chiwawa, dzina la kuno la masamba a maungu amene bambo ankaumirira kuwatcha nkhwani mpaka imfa yawo. Anagula bonongwe, timabilinganya toyera totchedwa impwa, nsinjiro ndi kapenta. Anabwereka mphika waukulu kwa mkazi wa Chabwera ndi mbaula ya makala, poti kachitofu kake sikakanatha. Anasadzula masambawo yekha, ulusi uliwonse, monga ankaonera mayi akuchita. Anathira nsinjiro madzi atatsala pang'ono, n'kuvundula mpaka fungo linafika ku misasa ya kutali. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, ananyamula mphikawo ndi zisanza n'kukautula pakhomo pa msasa wa Salome, pomwe amayi angapo ankapakira mpunga ndi mbatata za mawa m'makontena.

"Achemwali," anatero, akugwiritsa ntchito mawu amene bambo anawaphunzitsa, "ndakuphikirani cha chaka chija. Mukukumbukira? Tikudya ngati azungu."

Salome anavundukula mphika. Anayang'anamo nthawi yaitali, nthunzi ikumunyowetsa kumaso, kenako anavundikira.

Sanakweze mawu. Anamufunsa ngati akukumbukira amene ankadzuka kukadali mdima kukaima pa mzere wa unga, n'kubwerako masana ndi thumba lopanda kanthu ndi chigongono chotupa. Anamufunsa ngati akukumbukira kamphika kakuda kamene mayi ankaphikamo kansima kam'mawa, ka munthu mmodzi, ka mnyamata wopita ku sukulu. Edwell ankakakumbukira kamphikako. Ankayesa kuti ena onse anali atadya kale iye asanadzuke. Salome anati chaka chimenecho iye anakomoka pa mpopi ndowa ili pamutu, ndipo ndi chaka chomwecho anasiya sukulu kukalera ana a anthu olemera ku Woodlands, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi.

"Iwe unkadya ngati mzungu. Ine ndinali ndi njala," anatero. "Ndinalumbira kuti pakhomo panga munthu sadzagona ndi ndiwo zokha, ngakhale galu. Ndiye iwe wakwera ndege kudzandiphikira njala, pamaso pa anthu."

Amayi aja anaweramira makontena awo.

"Tikapasula misasa," Salome anamaliza, "ubwerere ku loji yako. Uzikadya masamba ako kumeneko."

Mphika unabwerera kwa mkazi wa Chabwera utakombedwa mpaka pansi, poti amayi enawo analibe nawo mlandu masambawo. Mbale ya Salome sinabwere madzulo amenewo. Edwell anakhala pakhomo pa tenti, dzuwa likulowa kuseri kwa mipanda, anthu akuimba nyimbo yolandira Sabata. Nyimboyo inali yomwe ija, koma tsopano inkatuluka m'zimkuzamawu zolira ngati chitini. Anayesa kubwezeretsa madzulo aja a kansalu m'khosi, ndipo nthawi iliyonse ankaona mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu atakhala kumapeto kwa mphasa, supuni ili m'manja, osaseka. Mwina analipo nthawi zonse m'chikumbukirocho. Iye ndiye sankayang'ana mbali imeneyo.

M'mawa wa Sabata sanatulutse mazira. Anavala suti, n'kupita yekha ku msasa wa Salome, kukakhala pa njerwa pakhomo ngati mwana wolakwa. Anati ali ndi njala. Salome anamuyang'ana, n'kulowa, n'kutuluka ndi mbale.

Pa Sabata moto sukolezedwa, ndiye chakudya chonse chimakhala cha dzulo, chosankhidwa kuti chigone osasasa, ndipo pafupifupi chonse chinali pa mndandanda wa zimene dokotala analetsa. Anayamba ndi mbatata yozizira. Atangoiluma, anatseka maso. Mkuyu anadula, tchire anagulitsa, nyimbo anaziika m'chitini, koma mbatata yogona ya m'mawa wa Sabata inali yomwe ija, yothina pa mmero, yotsekemera chakumapeto, khungu lake lomamatira ku chala. Anadya ina. Anadya banzi. Salome anamuthirira thobwa m'kapu yaikulu, lothira shuga mosaumira, ndipo iye anamwa mpaka kuona pansi pa kapu. Masana, mapemphero a m'mawa atatha, anabwereranso pa njerwa yomweyo. Panali mpunga, chinangwa, makaroni, zitumbuwa za Towela. Salome ankangowonjezera, Edwell n'kumangodya, amayi akuonerera. Towela anati malume achira, ndipo wina anati Amen.

Ulaliki wa masana utayamba, lilime la Edwell linali ngati chikopa choyanika. Anadzuka pa benchi ya amuna kupita pa mgolo wa madzi, n'kumwa. Asanakhazikike bwino anadzukanso, ulendo uno kupita kuchimbudzi cha masaka kumapeto kwa bwalo. Pobwerera anadzeranso pa mgolo. Mutu unalemera, mlaliki ankaoneka ngati ali kuseri kwa galasi lonyowa. Chabwera anamugunda ndi chigongono kuti asawodzere. Anadzukanso.

Anali ataweramira pa mgolo, kapu ili kukamwa, pamene anamva munthu ataima kumbuyo kwake. Anali Salome, atavala yunifolomu ya amayi a mpingo, buku la nyimbo lili kukhwapa. Anali atamuyang'ana kuchokera ku mbali ya amayi maulendo onsewo. Kumwa kotero anakuonapo kale, zaka zambiri, m'nyumba yomwe ija ya ku George.

Anamugwira pa mkono n'kumukokera kuseri kwa tenti yake, kumene kunalibe anthu.

"Khala pansi. Vula nsapato."

"Achemwali..."

"Ndati vula, iwe."

Edwell anavula nsapato ndi masokosi. Salome anagwada pa fumbi ndi yunifolomu yake yochapa, n'kutenga phazi la mchimwene wake m'manja. Anatsegula zala chimodzichimodzi kuyang'ana pakati, anasisita chidendene, anatsina chala chachikulu n'kufunsa ngati wamva. Anatenga phazi linalo, n'kuchita chimodzimodzi. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo popanda kufunsa mutu. Mapazi anali abwino, opanda bala, opanda kuda. Anawatula pansi.

"Unayamba liti?"

Edwell anafotokoza zonse, za dokotala, za zakudya zoletsedwa, za mapiritsi amene anasiya, za kamakina ka m'sokosi. Anati akapanda kudya nsima ndi zinzake, magazi ake amakhala ngati a munthu wina aliyense. Salome atafunsa chimene anabisira, iye anayankha kuti anamva kuti nyumba si chipatala.

"Chitsiru," anatero Salome. "Ndiye wadya mbatata zonse zija kuti ufere pa msasa wanga, anthu anene kuti mneneri uja ananena zoona?"

Anamufunsa chimene amachita zikatere. Edwell anati zitsika zokha, koma kuyenda kumathandiza, ndi madzi. Salome anadzaza botolo pa mgolo, n'kumuuza avale nsapato.

Anatuluka pa bwalo la misasa, ulaliki ukumvekabe m'zimkuzamawu, n'kutsata kanjira ka pakati pa mipanda. Mphepo inkanyamula mapepala ndi fumbi. Edwell ankazindikira malo ndi mapazi okha: apa panali dambo lomwe ankatcheramo mbewa, apo panali chulu chimene ana ankatsetserekapo ndi makatoni. Sananene. Anali ataphunzira kuti zokumbukira zake zili ndi eni ake ena. Salome ankayenda patsogolo pang'ono, akupuma mwamphamvu, ndipo nthawi ndi nthawi ankamupatsira botolo osacheuka.

Anafika pomwe njira imathera pa dzenje lakale lokumbamo miyala, ndipo Salome anaima. Ananena kuti bambo, m'zaka zawo zomaliza, ankakana chilichonse kupatula phala ndi nsima yofewa. Kuchipatala anangowauza kuti achepetse shuga wa mu kapu, ndipo iye anachepetsa, kupatula masiku amene bambo ankalira ngati mwana. Za nsima palibe anamuuza. Ankawaphikira katatu pa tsiku, ndipo akamaliza mtanda wonse iye ankagona mtima uli m'malo, poganiza kuti lero wawadwazika bwino.

"Akanadya ngati iwe, mwendo uja ukanatsala?"

Edwell anali atawerenga zambiri za matendawa, zokwanira kuyankha funsolo mbali zonse ziwiri mpaka dzuwa kulowa. Anayang'ana madzi obiriwira a m'dzenjemo.

"Sindikudziwa, achemwali. Ine sindinalipo."

"Eya," anatero Salome. "Sunalipo."

Kenako anatembenuka kuyamba ulendo wobwerera, ndipo ali m'njira Salome anayamba kulankhula ngati munthu wowerengera katundu wa pa ngolo. Anati chipinda chimene Edwell anabadwiramo muli alendi, banja la ana awiri, ndipo sawatulutsa chifukwa cha munthu wa ku Leeds. Chilipo cha kumbuyo, choyang'ana ku mpopi, chimene Towela amasungiramo mabelo a salaula. Denga lake limadontha pakona, akonze yekha mvula isanayambe. Ndiwo za nyumba yonse azigula iye, azisadzulanso yekha masamba, poti waonetsa kuti amatha. Mazira ake azikazinga pa mbaula ya onse, kachitofu kolira ngati njoka kaja asalowe nako m'nyumba. Ndipo phazi likadzayamba kachilonda, ngakhale kochepa ngati njere ya therere, anene tsiku lomwelo.

"Ndidzakutukwana," anatero, "koma usadzandibisire."

Edwell anafuna kuthokoza, koma Salome anakweza dzanja kuti sanamalize.

"Mtanda wako ndiziika. Masana ndi madzulo, pa mbale yako."

"Koma achemwali, ndanena kuti..."

"Ndamva zimene wanena. Usadye. Ukadya ndikuswa dzanja. Koma ndiziika, chifukwa ine sindidziwa njira ina yowerengera anthu a pakhomo panga."

"Nanga azidya ndani?"

"Imeneyo si nkhani yako."

Anali atafika pa chipata cha bwalo la misasa. Kwaya ya amayi inali itaimirira kutsogolo, ikuyang'anayang'ana munthu woyambitsa nyimbo. Salome anasasa fumbi la m'mawondo, n'kumupatsa Edwell botolo lija kuti amalize madziwo, kenako anadutsa pakati pa mabenchi kupita kukaima pa malo ake.